Chifukwa Chiyani Wobwera Pambuyo Waloŵa Poyamba?

M'zipatala zathu zambiri masiku ano, mayi akafika ndi mwana wodwala amakumana ndi namwino, kapena wantchito wina wa chipatala, amene amayenda pamzere ndi kuyang'ana mwana aliyense asanalembetse n'komwe. Wina amauzidwa kuti adikire, wina amasunthidwira kutsogolo, ndipo wina amanyamulidwa nthaŵi yomweyo kupita naye m'chipinda cha matenda adzidzidzi. Amayi amene adalaŵira tambala woyamba, nayenda mtunda wautali mwana ali kumbuyo, nthaŵi zina amadandaula kuti, "Ife tafika kalekale, koma uyu wangobwera kumene." Dandauloli n'lomveka ndithu. Komabe makolo ayenera kudziŵa kuti dongosolo limeneli silidabwere chifukwa cha kukondera kapena chibale. Lidabwera chifukwa cha kafukufuku, ndipo mbali yaikulu ya kafukufukuyo idachitikira m'dziko lathu lomwe lino la Malaŵi.

Kale pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene anthu ambiri amachitcha Gulupu, ana ankaonedwa monga momwe afikira. Mwana wa zipere akafika poyamba ankaloŵa poyamba, ndipo mwana wobanika ankadikira nthaŵi yake. Ena ankatsirizikira pamzere pomwepo, ali m'manja mwa amai ao. Madokotala a ana, motsogozedwa ndi Profesa Elizabeth Molyneux, adaŵerenga bwino mabuku a chipatala naona kuti ana ambiri omwalira ankamwalira tsiku lomwe agonekedwa lisanathe. Tsono m'chaka cha 2001 adatsegula malo apadera olandirira ana odwala mwadzidzidzi, naphunzitsa antchito kusankha ana molingana ndi kukula kwa matenda ao. Zotsatira zake adazilemba m'chaka cha 2006. Kusintha kusanachitike, mwa ana 100 aliwonse ogonekedwa, ana 10 mpaka 18 ankamwalira. Pambuyo pake chiŵerengerocho chidatsika kufika pa ana 6 mpaka 8. Panalibe mankhwala achilendo amene adabwera. Chimene chidasintha ndi chakuti mwana wodwala kwambiri adayamba kuthandizidwa msanga. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidasindikiza njira imeneyi m'chaka cha 2005 ndi dzina lakuti ETAT, ndipo lero ikuphunzitsidwa m'maiko ambiri.

Kodi namwino amayang'ana chiyani?

Kuyang'ana kwake sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Amaona ngati mwana akupuma, ngati pakhosi patsekeka, ngati milomo ndi lilime zachita bii. Amagwira dzanja la mwana kuti amve ngati lazizira, nakanikiza chikhadabo kuti aone ngati magazi akubwerera msanga. Amaona ngati mwana wakomoka kapena akutsalima, ndiponso, ngati akutsegula m'mimba, amaona ngati maso aloŵa m'kati ndi ngati khungu la pamimba likuchedwa kubwerera akalitsina. Mwana wokhala ndi chimodzi mwa zizindikiro izi sadikira konse. Pali gulu lachiŵiri la ana amene sayenera kukhalitsa pamzere: khanda losakwana miyezi iŵiri, mwana wotentha thupi kwambiri, wotuŵa m'manja chifukwa cha kuchepa magazi, wotupa mapazi onse aŵiri, wopsa ndi moto, womwa mankhwala oopsa, kapena wotumizidwa ndi kalata kuchokera ku chipatala chaching'ono. Otsalawo ndiwo amaonedwa monga momwe afikira. Choncho mukaona mwana wa mnzanu akudutsa pamzere, kumbukirani kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndiponso ngati mwana wanu wasintha muli pamzere, mwachitsanzo wasiya kuyamwa kapena wayamba kubanika, musachite manyazi. Imirirani muitane namwino.

Mmene madokotala amadziŵira chimene chimathandiza

Tiyeni tifotokozeko pang'ono za kafukufuku, pakuti mau ameneŵa amaopsa anthu ena. Mlimi amene afuna kudziŵa mbeu yabwino pakati pa mbeu ziŵiri sadalira zonena za wogulitsa. Amabzala zonse ziŵiri m'munda umodzi, tsiku limodzi, nathira feteleza wofanana, ndipo pokolola amaŵerenga matumba. Akabzala mbeu ina pachulu ndi ina pamchenga, sadzadziŵa ngati chabereketsa ndi mbeu kapena nthaka. Madokotala nawonso amatero. Pamene pali njira ziŵiri zothandizira odwala ndipo palibe amene akudziŵa yopambana, odwala ovomera amagaŵidwa m'magulu aŵiri mwa maere, kuti dokotala asasankhire odwala pang'ono njira imene iye amaikonda. Kenaka amaŵerenga amene achira ndi amene amwalira m'gulu lililonse. Pamafunika odwala mazana kapena zikwi, chifukwa dokotala mmodzi, ngakhale akhale wanzeru chotani, amakumbukira kwambiri odwala amene adachira m'manja mwake, ndipo sangaone kusiyana kwa ana aŵiri kapena atatu pa ana 100 aliwonse. Kafukufuku wotere amayamba wavomerezedwa ndi komiti yoteteza odwala, ndipo kholo lili ndi ufulu wokana popanda mwana wake kumanidwa chithandizo.

Nkhani imene idadabwitsa madokotala koposa ndi ya diripi. Kwa zaka zambiri mabuku a udokotala ankaphunzitsa kuti mwana wotentha thupi kwambiri, amene magazi ake sakuyenda bwino, apatsidwe madzi ambiri a m'diripi mofulumira. Zinkaoneka zanzeru, ndipo mwana wopatsidwa madziwo ankaonekadi ngati watsitsimuka. Gulu lotsogozedwa ndi Profesa Kathryn Maitland lidayesa njirayi pa ana 3,141 m'zipatala za ku Uganda, Kenya ndi Tanzania. Ofufuzawo ankayembekeza kuti madzi ofulumira apulumutsa ana. Koma poŵerenga adapeza kuti m'masiku aŵiri oyamba, mwa ana 1,000 aliwonse opatsidwa madzi mofulumira, pafupifupi 105 adamwalira, pamene mwa ana 1,000 opatsidwa madzi pang'onopang'ono adamwalira 73. Kafukufukuyo adaimitsidwa mu Januwale 2011 nthaŵi yake isanakwane, kuti ana ena asapwetekeke, ndipo m'chaka cha 2016 bungwe la WHO lidakonzanso malangizo ake. N'chifukwa chake mungaone diripi ya mwana wanu ikudontha pang'onopang'ono, namwino akuŵerenga madontho ndi wotchi. Ameneyo si ulesi. Makolo ena amatsegula kachingwe ka diripi namwino akatuluka, poganiza kuti madzi akaloŵa msanga mwana achira msanga. Mchitidwe umenewu ungaphe mwana, ndipo uyenera kulekeka.

Pano tichenjezane, kuti phunziro ili lisapotozedwe. Ana otsegula m'mimba sadali nawo m'kafukufuku ameneyu. Mwana amene wataya madzi ambiri chifukwa cha kutsegula m'mimba kapena kolera amafunikadi madzi ambiri, ndipo mwamsanga. Umboni uliwonse uli ndi malire ake. Umanena za odwala ofanana ndi amene adayesedwa. Ntchito ya dokotala ndi kuzindikira kuti mwana amene ali patsogolo pakeyo ali m'gulu liti.

Chitsanzo china chidachitikira kwathu konkuno. Pali makina otchedwa CPAP, amene amakankhira mpweya m'mphuno za mwana kuti mapapo asafote. Atayesedwa pa makanda obadwa ndi vuto la kupuma ku Queen Elizabeth, zotsatira za m'chaka cha 2014 zidaonetsa kuti makanda 71 mwa 100 adapulumuka, poyerekeza ndi 44 mwa 100 amene adangopatsidwa okosijeni. Anthu adaganiza kuti makinawo athandizanso ana okulirapo odwala chibayo. Atayesa pa ana 644 pa chipatala cha boma cha Salima, m'wodi imene munalibe dokotala woyang'anira tsiku ndi tsiku, zotsatira za m'chaka cha 2019 zidali zina: mwa ana oikidwa pa makina adamwalira 17 pa 100 aliwonse, pamene mwa opatsidwa okosijeni wamba adamwalira 11. Makina ndi amodzimodzi, koma odwala ndi malo n'zosiyana. Motero mwana wanu akapatsidwa okosijeni wa m'timachubu ta m'mphuno pamene khanda la pabedi lina lili pa makina, musaganize kuti wanu wanyozedwa. Ndipo musachotse timachubuto. Pali mphekesera yakuti okosijeni amatsiriza odwala, koma zoona zake n'zakuti amaperekedwa kwa odwala kwambiri, ndipo ena mwa iwo amakhala atafika mochedwa.

Malungo aakulu

Pa malungo, dziko lathu laphunzitsa maiko ena zambiri. M'chaka cha 1989 Dokotala Malcolm Molyneux, Dokotala Terrie Taylor ndi anzao adalemba njira yoyezera kukula kwa chikomokere cha mwana wamng'ono wosatha kuyankhula, ndipo mpaka lero njirayo imadziŵika pa dziko lonse ndi dzina la mzinda wa Blantyre. Dokotala amaona ngati maso a mwana akutsata nkhope ya mai wake, ngati akulira moyenera, ndiponso chimene amachita akamva kuŵaŵa. Kenaka amapereka mapointi kuyambira 0 mpaka 5. Mukaona dokotala akukanikiza chala kapena chifuwa cha mwana wokomoka, si nkhanza ai. Akuyeza, ndipo adzabwereza kaŵirikaŵiri kuti adziŵe ngati mwanayo akutsitsimuka kapena akumira.

Madokotala omwewo, ndi chilolezo cha makolo oferedwa, adapima matupi a ana 31 amene ankaganiziridwa kuti adamwalira ndi malungo a m'bongo. M'chaka cha 2004 adalengeza kuti 7 mwa iwo adaphedwa ndi matenda ena, ngakhale kuti m'magazi mwao munali tizilombo ta malungo. M'dera la udzudzu wambiri, mwana angathe kukhala ndi tizilombo m'magazi pamene chimene chamkomola ndi china. Ichi ndi chifukwa chake mwana wokomoka samangopatsidwa mankhwala a malungo okha. Amamuyeza shuga m'magazi, pakuti shuga akachepa mwana amakomoka ndipo akapatsidwa shuga amatsitsimuka msanga. Amamuunika m'maso ndi katochi kapadera, chifukwa malungo a m'bongo amasiya zizindikiro kuseri kwa diso. Nthaŵi zina amapempha kutenga timadzi ta pamsana kuti aone ngati ndi nthenda youmitsa khosi. Makolo ambiri amaopa kuyeza kumeneku, poganiza kuti kumapuŵalitsa mwana. Chimene chimapuŵalitsa, kugonthetsa m'makutu ndi kupha ndi nthendayo ikapanda kudziŵika msanga. Ngati muli ndi mantha, funsani dokotala akufotokozereni. Safunsa adadya phula.

Achikulire amakumbukira kuti mankhwala a malungo akhala akusintha, ndipo ena amati boma silikhazikika. Kusinthako kudatsata umboni. Kolorokwini atasiya kugwira ntchito pa ana ambiri, Malaŵi lidakhala dziko loyamba mu Africa kumsiya, m'chaka cha 1993, ndi kuyamba SP amene ambiri amamtcha Fansida. Tizilombo titazoloŵeranso SP, m'chaka cha 2007 tidayamba LA. Pa malungo aakulu, kwinini ndiye adali mfumu kwa zaka mazana. Koma m'chaka cha 2010 padatuluka zotsatira za kafukufuku wa ana 5,425 m'maiko 9 a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique ndi Tanzania. Mwa ana 1,000 aliwonse opatsidwa kwinini adamwalira 109, pamene mwa opatsidwa jekeseni wa artesunate adamwalira 85. Kusiyana kwa ana 24 pa 1,000 palibe namwino akadakuona ndi maso m'wodi yake, koma poŵerengera dziko lonse ndi miyoyo yambirimbiri. Chaka chotsatira WHO idalangiza kuti artesunate ndiye akhale woyamba kwa ana.

Kuyeza magazi a pachala musanalandire mankhwala kudabweranso mwa njira yomweyi. Kuyambira m'chaka cha 2010, malangizo a WHO ndi akuti munthu ayezedwe asanapatsidwe mankhwala a malungo, chifukwa si kutentha thupi konse kumene kuli malungo. Kachipangizo kakaonetsa kuti malungo palibe, musaumirire LA, ndipo musakagule ku golosale. Funsani kuti, "Nanga chikumtenthetsa thupi n'chiyani?" Mwina ndi chibayo, khutu, kapena matenda a m'njira ya mkodzo, ndipo zonsezi LA sachiza. Kumadera akutali, mlangizi wa zaumoyo angathe kuika mankhwala a artesunate kumalo ochitira chimbudzi a mwana wosakwana zaka 6 amene wadwala kwambiri. Mankhwala ameneŵa ndi ongomgwiriziza panjira. Ngakhale mwana aoneke ngati wapeza bwino, pitirizani ulendo wa ku chipatala tsiku lomwelo.

Amai otaya magazi ndi anthu ovulala

Akuluakulu nawonso apindula. Pali mankhwala otsika mtengo otchedwa tranexamic acid, amene amathandiza magazi kuundana. Adayesedwa pa anthu ovulala pangozi oposa 20,000 m'maiko 40, ndipo zotsatira zidatuluka m'chaka cha 2010. Kenaka adayesedwa pa amai oposa 20,000 otaya magazi atabereka, m'maiko 21, ndipo zotsatira zidatuluka m'chaka cha 2017. Mwa amai amene adalandira mankhwalaŵa maola atatu asanathe, imfa zobwera ndi kutaya magazi zidachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Akaperekedwa maola atatu atapita, phindu lake silioneka. Abambo, apongozi ndi ankhoswe amvetse bwino mfundo iyi. Nthaŵi imene banja likudikira mwini mbumba kuti avomereze ulendo, kapena likufunafuna njinga usiku, maola atatuwo akutha. Mayi wapakati achilire ku chipatala, ndipo za mayendedwe zikonzedwe mwezi wake usanakwane.

Chithandizo choyamba chili m'manja mwanu

Kafukufuku sathera m'zipatala zokha. Thanzi ORS amene mumasungunula kunyumba ali ndi mbiri yake. M'chaka cha 1971, pa nkhondo ya ku Bangladesh, kolera idabuka m'misasa ya anthu othaŵa kwao ku India, ndipo madzi a diripi adasoŵa. Dokotala Dilip Mahalanabis adayamba kumwetsa odwala madzi osakaniza ndi mchere ndi shuga pa muyeso woyenera, achibale ndiwo akumwetsa. Imfa zidatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 kufika pa anthu osakwana 4. Sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, osachepetsa madzi, ndipo mwetsani mwana pang'onopang'ono ndi kapu kapena supuni. Akasanza, dikirani mphindi 10 ndi kuyambanso. Pitirizani kuyamwitsa. Kuyambira m'chaka cha 2004 WHO ndi UNICEF adawonjezapo mapiritsi a zinki, omwa masiku 10 mpaka 14, chifukwa adapezeka kuti amafupikitsa matendaŵa ndi kuteteza mwana kwa miyezi iŵiri kapena itatu yotsatira. Amai ambiri amasiya zinki mwana akangoleka kutsegula, mtsirizitseni.

Pali zizoloŵezi zina zimene makolo athu adatisiyira ndi mtima wabwino, koma zitayesedwa zidapezeka kuti zimapweteka. Mwana akamatsalima, mgonekeni chammbali pamalo opanda moto, mmasuleni zovala, ndipo musaike supuni, chala kapena mankhwala m'kamwa mwake. Sangameze lilime lake, koma angatsamwe ndi zimene mwamuikazo. Musamfukize utsi, musamthire madzi ozizira. Kutsalimako kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza, nyamukani osadikira kuti kuche.

Mwana akapsa ndi moto, phala kapena madzi otentha, thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20, kwinaku mukufunditsa mbali zina za thupi kuti asazizidwe. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira kapena dothi, ndipo musaboole matuza. Mwana akamwa palafini, amene kaŵirikaŵiri amasungidwa m'botolo la zakumwa, musamsanzitse, chifukwa posanza palafini amaloŵa m'mapapo ndi kuyambitsa chibayo choopsa. Munthu akalumidwa ndi njoka, musateme mphini pabalapo, musayamwe ululu, ndipo musamange chingwe cholimba. Kumanga kotere kwadulitsa miyendo ya anthu amene njoka yake inalibe n'komwe ululu wakupha. Mchotseni zibangili ndi mphete, chiŵalocho chisagwedezeke, ndipo mnyamuleni kupita ku chipatala. Galu akaluma, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka pitani ku chipatala tsiku lomwelo kukafunsa za katemera wa chiwewe, ngakhale bala likhale laling'ono, pakuti chiwewe chikangoonekera sichichizika.

Mukafika ku chipatala

Dokotala, ngakhale adziŵe zonse zimene ofufuza adapeza, amayambira pa mau anu. Muuzeni tsiku limene matenda adayamba, ngati mwana watsalima ndi kangati, ngati akuyamwa kapena kumwa, ndi nthaŵi imene adakodza komaliza. Nenaninso mosabisa mankhwala onse amene wamwa kale, a ku golosale ndi achikuda omwe. Sakufunsani kuti akudzudzuleni. Mankhwala ena amabisa zizindikiro, ena amachepetsa shuga m'magazi, ena amawononga impso ndi chiŵindi, ndipo dokotala akadziŵa amasintha chithandizo. Tengani buku la umoyo la mwana, pamodzi ndi botolo kapena paketi ya chimene wamwa. Panjira mfunditseni bwino, makamaka khanda, limene liyenera kukhala pachifuwa pa mai wake khungu ndi khungu, ndipo ngati akutha kuyamwa, muyamwitseni.

Pachipata, musakhale phee kumapeto kwa mzere ngati mwana akupuma movutikira nthiti zikuloŵa m'kati, ngati wakomoka kapena walefuka kotero kuti sakudzuka, ngati akusanza chilichonse, kapena ngati walephera kuyamwa. Pitani molunjika kwa wantchito woyamba amene mwamuona, mumuonetse mwanayo ndi kumuuza chimene mwaona.